Mlendo wa nkhondo si mame

Mu Novembala 1938, patangopita masiku ochepa a chipani cha Nazi atatentha masunagoge ndi kuphwanya masitolo a Ayuda m'dziko lonse la Germany, bungwe la Gallup linafunsa anthu a ku America mafunso awiri. Loyamba linali lakuti kodi akugwirizana ndi zimene a Nazi akuchitira Ayuda. Anthu 94 pa 100 alionse anati ayi, n'zoipa. Lachiwiri linali lakuti kodi dziko lawo lilole Ayuda ochuluka othawa ku Germany kudzakhala kumeneko. Oposa 70 pa 100 alionse anatinso ayi. Sindikhulupirira kuti pa yankho loyamba lija ankanama. Chisoni anali nacho ndithu, koma sichinatsegule doko. Patatha miyezi isanu ndi umodzi sitima ya St. Louis inanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, pafupifupi onse Ayuda othawa a Nazi. Pafupifupi onse anakanizidwa kutsika ku Havana, likulu la Cuba, sitimayo inayenda m'mbali mwa Florida mpaka okweramo ankaona magetsi a mzinda wa Miami, kenako inatembenuka kubwerera ku Ulaya. Anthu 254 mwa iwo anadzafera m'manja mwa a Nazi.

Mayankho a mtundu umenewu sanathe. Chaka ndi chaka, likamayandikira tsiku lokumbukira anthu othawa kwawo pa 20 Juni, bungwe la Ipsos limafunsa anthu a m'maiko osiyanasiyana za nkhaniyi. Mu 2024, m'maiko 52, pafupifupi atatu mwa anthu anayi alionse anavomera kuti wothawa nkhondo kapena chizunzo ayenera kupeza pothawira, ngakhale m'dziko lawo lomwe. M'kafukufuku yemweyo, oposa theka ananenanso kuti ambiri mwa amene amafika pamalire si othawa nkhondo enieni, akungosaka moyo wofewa.

Pali ena amene akaona zimenezi amafulumira kunena kuti anthu ndi achiphamaso, kukamwa kokoma mtima uli gwa. Ena amati vuto ndi umbuli, ndiye tiwaonetse zithunzi zambiri za ana ovutika kuti mitima ifewe. Ine sindili kumbali ya onse awiriwa. Mitima yofewa ilipo kale yochuluka, ndipo zithunzi taona zokwanira. Chimene nthawi zambiri chimaumitsa munthu wa mtima wabwino pa nkhani ya othawa nkhondo ndi kuzindikira kuti wasiyidwa yekha ndi mtolo umene ena onse akuuombera m'manja ali patali. Umodzi umene ukufunika pano uli ndi mbali ziwiri: kuima ndi wothawayo, komanso kuima ndi amene wamulandira. Wachiwiriyu timakonda kumuiwala, ndipo akaiwalika, amene amadzalipira ndi wothawa yemwe uja.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi mwambi wolimbikitsa ulemu, koma taonani pamene waima: pirira, mawa apita. Ulemu wambiri umene anthu padziko lonse amapereka kwa mlendo umadalira chiyembekezo chimenechi, tsono nkhondo sizichisamala. Anthu a ku Afghanistan anayamba kuthawira ku Pakistan ndi ku Iran mu 1979 asilikali a Soviet Union atalowa m'dziko lawo, ndipo patapita zaka zoposa 40 mamiliyoni anali adakali komweko. Misasa ya Dadaab ku Kenya inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti isunge anthu 90,000 ochokera ku Somalia. Mu 2011 inali ndi anthu oyandikira theka la miliyoni, ndipo lero muli ana amene makolo awonso anabadwira momwemo. Dziko likamatsegula malire, eni ake amawerengera miyezi, koma zimene zimabwera ndi zaka makumi. Palibe munthu amene angakhale ndi chisoni chotentha kwa zaka makumi atatu, ndipo ndondomeko iliyonse yodalira zimenezo idzagwa.

Nkhani ya chilumba cha Lesbos ku Greece imandikhudza kuposa zonse. Pachilumbachi pamakhala anthu osakwana 90,000, ndipo munthu akaima pagombe lake lakumpoto amaona mapiri a Turkey ndi maso ake. Mu 2015 anthu pafupifupi theka la miliyoni, ambiri a ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, anakocheza pamenepo pa timaboti ta mphira topopa, todzaza mpaka madzi kumalowa m'mbali. Asodzi a m'mudzi wa Skala Sikamineas ankasiya maukonde awo n'kumavuula anthu m'nyanja usana ndi usiku. Chithunzi china chinayenda dziko lonse: agogo aakazi atatu atakhala pabenchi, mmodzi atanyamula khanda la mayi wa ku Syria amene anali atangotsika m'boti, akuliyamwitsa mkaka wa m'botolo. Ambiri a m'midzi imeneyo ndi ana ndi zidzukulu za Agiriki amene anathawa ku Asia Minor mu 1922 kudzera pamadzi omwewo, choncho zimene ankaona sizinali zachilendo m'mabanja mwawo. Ena mwa iwo maina awo anaperekedwa kuti aganiziridwe pa mphoto ya mtendere ya Nobel.

Nanga zinatha bwanji? Mu Seputembala 2015 maiko a European Union (EU) anagwirizana kuti atenge anthu 160,000 ku Greece ndi ku Italy n'kugawana. Ndondomekoyo inatha atatenga pafupifupi 35,000 okha, ndipo Hungary ndi Poland sanatenge ndi mmodzi yemwe. Mu Malichi 2016 EU inapangana ndi Turkey, ndipo kuyambira pamenepo ofika pazilumba sankaloledwa kupitirira kumtunda mpaka nkhani zawo zitaweruzidwa, zomwe zinkatenga miyezi, ena zaka. Msasa wa Moria, umene unamangidwira anthu pafupifupi 3,000, unafika posunga 20,000. Amene analibe malo mkati anakhoma matenti m'minda ya maolivi ya eni mudzi, ndipo kukazizira ankadula mitengo yomweyo kuti awothe moto. Zimbudzi zinkasefukira, zinyalala zili mbwee. Mu Febuluwale 2020 boma litatumiza apolisi kukateteza ntchito yomanga msasa wina, eni chilumba anatseka misewu n'kulimbana nawo, ndipo patangopita masiku ochepa gulu lina linaima padoko kutsekereza boti lodzaza anthu, ana omwe, kuti lisakocheze. Mu Seputembala chaka chomwecho Moria inapsa.

Kutsekereza boti la ana ndi nkhanza, ndipo sindikuikira kumbuyo. Koma sindingavomerenso kuti anthu a ku Lesbos anabadwanso oipa m'zaka zisanu. Dziko lonse linawayamikira, linawajambula, kenako linawasiyira msasa n'kupita. Akatswiri amene anafufuza mavoti a m'chigawo cha Upper Austria, m'dziko la Austria, mu 2015 anapeza chinthu chogwirizana ndi zimenezi. M'matauni a m'malire momwe khamu la othawa linkangodutsa, osadziwana ndi aliyense, mavoti a chipani chodana ndi obwera anakwera. M'midzi momwe othawa anapatsidwa nyumba n'kukhala pakati pa anthu kwa nthawi, mavoti a chipani chomwecho anatsika poyerekeza ndi midzi ina. Chimene chimaopsa anthu kwambiri ndi chipwirikiti, kuona kuti palibe amene akuwongolera zinthu ndipo palibe amene akudziwa kuti zitha liti. Munthu amene mwana wake akuphunzira kalasi imodzi ndi wako, amene ukudziwa dzina lake ndi ntchito yake, savuta kumuzolowera.

Muzu wa vutoli uli m'malamulo enieniwo. Pangano la ku Geneva la 1951, lomwe ndi maziko a chitetezo cha othawa kwawo, lili ndi ndime 33 yoletsa dziko kubweza munthu kumene moyo wake uli pachiswe. Ndimeyi imamanga dziko lililonse limene linasaina, ndipo ndi yamtengo wapatali zedi. Koma nkhani yothandizana inangoikidwa m'mawu oyamba, pamene panganoli likuvomereza kuti kusunga othawa kungalemetse maiko ena mopitirira muyeso ndipo pafunika mgwirizano wa onse. Mawu abwino, koma opanda mano. Palibe dziko limene lingaimbidwe mlandu chifukwa chakuti silinapereke ndalama kapena silinatenge munthu ndi mmodzi yemwe. Ngakhale mgwirizano watsopano wa 2018, wotchedwa Global Compact on Refugees, ndi wakuti aliyense achite monga wafunira. Ndiye lamulo limagwira woyandikana ndi nkhondo, wakutali limamusiya.

Ziwerengero zikuonetsa zimenezi poyera. Bungwe la UNHCR, loona za othawa kwawo pansi pa United Nations, linati pakutha kwa 2024 anthu othamangitsidwa m'makwawo padziko lonse anali oposa 123 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo sanatuluke n'komwe m'maiko awo. Mwa amene anawoloka malire, pafupifupi awiri mwa atatu alionse ali m'dziko loyandikana ndi lawo, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi ali m'maiko osauka kapena opeza pang'ono. Pa maiko asanu amene ankasunga ambiri, Iran, Turkey, Colombia, Germany ndi Uganda, lolemera ndi limodzi lokha. Lebanon inafika poti munthu mmodzi mwa asanu alionse anali wothawa ku Syria. Phokoso lalikulu la "tadzaza, sitingathenso" limamveka kuchokera kumene kuli ochepa, ndipo ndi limene limadzaza manyuzipepala ndi ma TV a dziko lonse.

Africa inayesa kutseka mpata umenewu papepala. Pangano la 1969 la OAU, bungwe la umodzi wa maiko a Africa la nthawiyo, linakulitsa tanthauzo la wothawa kwawo kuti liphatikize aliyense wothawa nkhondo kapena chisokonezo chachikulu, popanda kufuna umboni wakuti ankasakidwa iyeyo payekha. Linanenanso kuti kulandira othawa ndi ntchito ya mtendere imene dziko lina lisaione ngati udani, ndiponso kuti dziko likalemedwa lingathe kupempha anzake, ndipo anzakewo alipepukitse mtolo mu mzimu wa umodzi wa Africa. Pa kulandira, maiko a kuno anachitadi zazikulu. Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Tanzania inapatsa malo olima anthu a ku Burundi amene anathawa mu 1972, ndipo mu 2014 inapereka unzika kwa 162,000 mwa iwo ndi ana awo. Koma Tanzania yomweyo, itaona anthu pafupifupi 250,000 a ku Rwanda akuwoloka mlatho wa Rusumo m'tsiku limodzi mu Epulo 1994, itaona nkhalango za ku Ngara zikutha ndipo thandizo likuchepa, inatseka malire ake ndi Burundi mu 1995, ndipo mu Disembala 1996 inauza anthu a ku Rwanda kuti onse abwerere. Dziko la Nyerere, amene analandira mphoto ya Nansen, yoperekedwa ndi UNHCR, chifukwa chosunga othawa, nalo linatopa. Pempho la kupepukitsana lija linakhalabe papepala.

Tiyeni tiyandikire pang'ono, tione mayi wa m'mudzi woyandikana ndi msasa, kaya ndi ku Turkana ku Kenya, kaya kum'mawa kwa Chad, kaya ku Cox's Bazar ku Bangladesh. Othawa atafika, iyeyu ndi amene anayamba kuwapatsa madzi ndi pogona, mabungwe asanabwere ndi magalimoto awo oyera. Chaka chikatha amapeza kuti pamjigo pomwe ankatunga n'kubwerera dzuwa lisanakwere, tsopano pali mzera wa zigubu wofika kumsewu. Nkhuni zimene ankatola kuseri kwa nyumba akuzitsatira mtunda wa maola. Mwamuna wake akapita kukasaka ganyu amapeza wina wavomera kale malipiro otsika, chifukwa winayo saloledwa kugwira ntchito yovomerezeka ndipo alandira chilichonse. Ndiye tsiku lina lole yodzaza matumba a chakudya imadutsa pakhomo pake, ana ake ali ndi njala, n'kukalowa pageti la msasa pomwe iye alibe khadi. Mayiyu akayamba kudandaula, ife ophunzira timamutcha watsankho. Koma iye sanawerenge za mtolowu m'nyuzipepala, wausenza pamutu pake. M'madera a Ukhia ndi Teknaf ku Cox's Bazar, kumene Arohingya oposa 700,000 othawa ku Myanmar anafikira kuyambira mu Ogasiti 2017, othawa anachuluka kuposa eni dera. Woyamba kumufunsa maganizo ake pa za othawa nkhondo anayenera kukhala mayi ameneyu, ndipo woyamba kumangiridwa mjigo wachiwiri anayeneranso kukhala iye.

Uganda inamvetsa zimenezi kuposa maiko ambiri. Lamulo lake la 2006 limalola wothawa kugwira ntchito, kuchita bizinesi ndi kuyenda momasuka, ndipo m'madera ambiri amapatsidwa kamalo komangapo ndi kolima. Ana a othawa ndi ana a eni dera amaphunzira sukulu zimodzi, chipatala ndi chimodzi, ndipo boma linakhazikitsa mfundo yakuti gawo la thandizo, pafupifupi 30 pa 100, lizipita kwa eni dera. Dera la Bidibidi linali tchire mu Ogasiti 2016, koma m'miyezi yochepa munali anthu oposa 270,000 othawa ku South Sudan, pa malo amene anthu a m'deralo anapereka. Si kuti zonse ndi zoyera. Mu 2018 zinadziwika kuti chiwerengero cha othawa chinakokomezedwa ndi anthu pafupifupi 300,000, ndipo panali amene ankadyerapo. Chinyengo chotere chimapha chikhulupiriro cha opereka ndi cha eni dziko omwe, ndipo oteteza othawa asamachite manyazi kuchidzudzula. Komabe dziko limeneli lasunga anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka popanda kumanga mpanda. Mphoto yake? Mu Meyi 2025 bungwe la WFP, loona za chakudya pansi pa United Nations, ndalama zitachepa, linachotsa othawa pafupifupi miliyoni imodzi a ku Uganda pa mndandanda wa olandira chakudya. Munthu wanjala sakhala chete m'msasa, amatuluka kukasaka m'minda ndi m'misika ya eni dera, ndipo apa ndi pamene ubale wa zaka zambiri umayambira kung'aluka.

Wina anena kuti ndikuthawa nkhani ya khungu ndi chipembedzo. Sindikuithawa, ilipo ndipo ndi yonyansa. Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, maiko a EU anatenga lamulo la chitetezo cha kanthawi limene linakhala osagwiritsidwa ntchito kuyambira 2001, n'kuliyambitsa pa 4 Malichi, patangotha sabata imodzi. Anthu oposa 4 miliyoni analandira chilolezo chokhala, chogwira ntchito, sukulu ndi chipatala popanda kudikira mlandu. Pasiteshoni ya sitima ya Przemyśl ku Poland, amayi ankasiya tingolo toyendetsera makanda, tina muli mabulangete, kuti amayi a ku Ukraine otsika m'sitima atenge. Pa nthawi yomweyo, m'nkhalango za m'malire a Poland ndi Belarus, anthu a ku Syria, Iraq ndi Afghanistan ankabwezedwa, ena kumafa ndi chisanu, ndipo mpanda wachitsulo unali kumangidwa. Ophunzira a ku Africa othawa mabomba omwewo a ku Ukraine ankakankhidwira kumbuyo kwa mzera, mpaka African Union inatulutsa chikalata chodandaula. Nduna yaikulu ya Bulgaria ya nthawiyo, Kiril Petkov, inanena poyera kuti awa si othawa amene tinazolowera, awa ndi a ku Ulaya, ophunzira. Kafukufuku wa anthu 18,000 m'maiko 15 a ku Ulaya, wofalitsidwa mu 2016, anali ataonetsa kale kuti pakati pa opempha awiri ofanana pa zonse, Msilamu amakanidwa kuposa Mkhristu. Ndipo ndi ochepa ku Poland amene amakumbukira kuti kuyambira mu 1942 anthu a kwawo oposa 18,000, ambiri amayi ndi ana, anasungidwa m'misasa ya mu Africa monga Tengeru ku Tanganyika, Koja ku Uganda ndi Bwana Mkubwa ku Northern Rhodesia.

Koma nkhani ya Ukraine ikuphunzitsanso zinthu ziwiri zimene odandaula za tsankho nthawi zina amazidumpha. Choyamba, yaonetsa kuti mawu akuti "sitingathe" anali onama. Ulaya inalandira m'miyezi yochepa anthu ochuluka kuposa a mu 2015, popanda Moria ina, chifukwa anthuwo analoledwa kusankha kopita, kukhala ndi abale awo ndi kuyamba ntchito nthawi yomweyo. Chachiwiri, ngakhale khungu lofanana silisunga chisoni mpaka kalekale. Mu Malichi 2022 bungwe lochita kafukufuku la CBOS linapeza kuti anthu 94 pa 100 alionse ku Poland ankavomereza kulandira othawa a ku Ukraine. Pofika 2025 anali atatsika kufika cha pa theka. Nyumba zikakwera mtengo ndipo mzera wa kuchipatala ukatalika, m'bale yemwe amayamba kulemera. Ku Turkey, komwe Asiriya oposa 3.5 miliyoni analandiridwa ngati abale m'chipembedzo, chuma chitagwa nyumba ndi masitolo awo zinaphwanyidwa ku Altındağ mu 2021 ndi ku Kayseri mu 2024.

Palinso mantha a chitetezo, ndipo si onse opanda pake. Mu 1994 misasa ya ku Goma, kum'mawa kwa Congo, inalamulidwa ndi anthu omwe anatsogolera kupha ku Rwanda, amene ankadya thandizo la maiko n'kumakonzekera nkhondo ina. Awiri mwa amene anachita zauchifwamba ku Paris mu Novembala 2015 anadutsa pachilumba cha Leros ku Greece ndi ziphaso zabodza pakati pa othawa, ngakhale kuti ambiri mwa anzawo anali nzika za France ndi Belgium. Dziko lili ndi ufulu, ndiponso udindo, wolemba aliyense wolowa, kumufufuza ndi kulekanitsa wonyamula mfuti ndi wonyamula mwana. Zimenezi zimafuna antchito, makompyuta ndi oweruza okwanira, kutanthauza ndalama. Kutseka malire sikuchita ntchito imeneyi. Kumangokankhira anthu m'manja mwa owawolotsa mozemba, ndipo amene walowa usiku kudzera m'tchire ndi amene boma silimudziwa n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene maboma amadzipangira okha umboni wotsutsa othawa. Amamuletsa munthu kugwira ntchito, kenako n'kumuloza kuti taonani, amangodya za ena. Ku Germany kunachitika chinthu chimene chinalola akatswiri kuyeza mtengo wa chiletso chotere. Lamulo litasintha mu 2000, othawa a ku Yugoslavia wakale amene anafika mu 1999 anadikira pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri yoonjezera asanaloledwe kugwira ntchito poyerekeza ndi amene anafika mu 2000. Patapita zaka zisanu, gulu lodikira nthawi yaitali lija linali kumbuyo ndi anthu pafupifupi 20 pa 100 alionse pa kupeza ntchito, ndipo mpatawo unatenga zaka pafupifupi khumi kuti utsekeke. Miyezi isanu ndi iwiri yokha. Nanga amene wakhala zaka makumi awiri m'msasa osaloledwa kutuluka pageti popanda chikalata? Namwino amaiwala kubaya jekeseni, mmisiri manja amalemera, mnyamata amakula asanaonepo bambo ake akupita kuntchito. Pamene mpata wapezeka, ngakhale wochepa, anthuwa amaugwira ndi manja awiri. Kafukufuku wa 2018 wa IFC, nthambi ya World Bank, anapeza mabizinesi oposa 2,000 mu msasa wa Kakuma ku Kenya, ndipo msika wa msasawo pamodzi ndi tauni yake unali wa madola 56 miliyoni pachaka. Ku Germany, madokotala a ku Syria ndi amene ali ochuluka kuposa madokotala ena onse ochokera kunja.

Njira yopatsa anthu wamba gawo lenileni pa ntchitoyi iliponso. Ku Canada, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu asanu kapena mpingo analoledwa kusaina kuti asamala banja la othawa kwa chaka chimodzi: kulipezera nyumba, kuliperekeza kusukulu ndi kuchipatala, kulithandiza kusaka ntchito. Mu 1979 ndi 1980 dzikolo linalandira anthu 60,000 a ku Vietnam, Cambodia ndi Laos, oposa theka kudzera m'njira imeneyi, ndipo mu 1986 mphoto ya Nansen inaperekedwa kwa anthu a dziko lonse la Canada. N'zoona kuti Canada yatetezedwa ndi nyanja zikuluzikulu ndipo imasankha amene ikufuna, mwayi umene Chad kapena Lebanon alibe. Koma mwayi umenewo ndi umene ukuwonjezera ngongole ya maiko akutali. Amene sangafikiridwe wapansi ayenera kutumiza ndege kukatenga gawo lake, kapena alipire mokwanira amene akusunga. Mu 2024 UNHCR inati anthu oposa 2 miliyoni ankafunika kusamutsidwira ku maiko ena, ndipo amene anasamutsidwa sanafike 200,000. Mu Januwale 2025 America, imene kwa zaka zambiri inkatenga ochuluka kuposa dziko lina lililonse, inaimitsa ndondomeko yake.

Chaka chomwecho America inadula thandizo lake la kunja, Britain inalengeza kuti itsitsa lake kuti ndalamazo zipite ku zida, ndipo UNHCR inachotsa antchito masauzande. Pamene izi zikuchitika, nkhondo ya ku Sudan imene inayamba pa 15 Epulo 2023 yathamangitsa anthu oposa 12 miliyoni m'makwawo. Tauni ya Adré m'malire a Chad, imene inali ndi anthu pafupifupi 40,000, inalandira oposa 200,000, ambiri amayi ndi ana othawa kuphedwa ku Darfur, m'dera limene madzi anali osowa kale. Chad ndi limodzi mwa maiko osaukitsitsa padziko lapansi, ndipo silinatseke khomo kwa anthuwa. Anthu a ku Adré akadzatopa, atolankhani adzakwera ndege kukawafunsa chifukwa chimene mitima yawo yaumira, ndipo andale a maiko akutali adzatenga mayankhowo ngati umboni wakuti ngakhale Aafirika anzawo sakuwafuna. Funso limenelo liyambe lapita kwa nduna za chuma zimene zinadula ndalama za zitsime, za sukulu ndi za chakudya cha ku Adré, komanso kwa maiko amene akutumizabe zida ku Sudan.